Maapozi akachuluka kuseri kwa nyumba: zomwe timapanga ndi ana ku Nottingham

Kwathu ku Malawi apozi ndi chipatso cha ulemu. Ambiri amene timawaona m'masitolo ndi m'misika ya m'tauni amachokera ku South Africa, ndipo munthu amagula limodzi kapena awiri, nthawi zambiri popita kukazonda wodwala kuchipatala. Choncho inu amene mwangofika kumene ku England, konzekeretsani mtima. Kuyambira mu Sepitembala mpaka Novembala, nyengo imene masamba amayoyoka, mudzaona maapozi ali mbwee m'mayadi mwa anthu ndi m'mbali mwa misewu, mavu akudya, popanda wotola. Zimapweteka kuziona. Amayi anga nditawaonetsa pa foni anagwira pakamwa. "Mwanangu, ndi anthu otani amenewo? Chakudya mpaka kuwolera pansi chonchi?"

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo nyumba imene timachita lendi ili ndi mtengo waukulu wakalekale kuseri. Eni nyumba anatiuza kuti zipatsozo tizichita nazo zomwe tikufuna, bola pakapinga pasamadzaze zowola. Mtengowo ndi wa mtundu wa Bramley, wa maapozi akuluakulu obiriwira, owawasa kwambiri moti aawisi sadyeka bwino. Ndi ophika. Mtunduwu kwawo ndi konkuno. Mtengo woyamba unamera ku Southwell, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Nottinghamshire, kuchokera ku njere imene mtsikana wina, Mary Ann Brailsford, anadzala mu 1809. Nyumba imene panali mtengowo inadzagulidwa ndi Matthew Bramley mu 1846, ndipo mu 1856 mnyamata wina wodziwa za mitengo, Henry Merryweather, atapempha nthambi zoti akamezanitse, bamboyo anavomera koma anati apozilo litchedwe dzina lake. Bramley aliyense wa lero anachokera ku mtengo umodzi umenewo. Mtengo wotere ukakula, chaka chabwino umabereka zoti banja limodzi silingamalize, ngakhale muphike tsiku ndi tsiku.

Amene anandiphunzitsa zambiri ndi agogo a nyumba yoyandikana nafe, mayi wachingelezi amene anakula nthawi imene chakudya kuno chinkagulidwa mwa muyeso wa boma, zomwe zinatha mu 1954. Kutaya chakudya safuna n'komwe kumva. Iwo amati ntchito imayamba ndi kusankha, mpeni umabwera pambuyo. Apozi lokhwima mukaligwira m'dzanja, n'kulitukula pang'ono ndi kulipotoza, limathothoka lokha pamodzi ndi kamtengo kake. Likakana lisiyeni, mudzaliyese sabata inayo. Otchola m'mwamba otere, opanda bala lililonse, ndi osunga. Lililonse mulikulunge palokha m'nyuzipepala, muwayale m'katoni osasanjikiza, n'kuika pozizira ndi pamdima, monga m'kashedi kapena m'galaja. Bramley amatha kufika Febuluwale ali bwinobwino, bola muziwayendera n'kuchotsa lililonse limene layamba kufewa. Ogwa okha n'kubulala mbali imodzi ndi ophika masiku omwewo. Mumangodula pobulalapo, n'kuthira shuga pang'ono, ndipo amasungunuka okha mumphika. Ife timathira m'timabokosi n'kusunga mufiriza, ana n'kumathira m'phala m'mawa. Owola ndi ochita chuku amapita kubini ya zinyalala za m'munda. Amenewo musawafinye madzi akumwa, chifukwa chuku cha maapozi chimatulutsa poizoni wotchedwa patulin, amene kuwiritsa sikumuthetsa.

Zokongoletsa zimene timapanga ndi ana pogwiritsa ntchito maapozi zimabwera pamapeto pa zonsezi, ndipo pamenepa ndimalimbapo. Sindingatenge apozi labwino lodyeka n'kulipaka penti, pamene mnzanga wa kuntchito akuwerengera ndalama za chakudya cha ana. Timayamba tagawa: kutchalitchi, kwa anzathu a shifiti ya usiku, kwa anansi. Kupatsa n'kuika, ndipo amene timawapatsa maapozi ndi omwe amadzatipatsa nyemba ndi maungu a m'madimba awo. Otsala timaika m'katoni pageti, ndi kapepala kouza odutsa kuti atenge, monga amachitira anthu ambiri kuno. Katoni yotere mukaiona kwa wina, tengani osachita manyazi. Koma nthambi ikalendewera kunja kwa mpanda, mwalamulo zipatso zake ndi za mwini mtengo, choncho gogodani kaye mupemphe. Ambiri amasangalala, ena mpaka kukubwerekani makwerero. Zogawa zikatha, pamatsalabe mulu wa timaapozi tating'ono, topindika, tojomphedwa ndi mbalame, toboola mphutsi. Timeneto ndito ta ntchito zamanja.

Nthawi yake imagwirizananso. Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo 5 koloko ikamakwana dzuwa lalowa kale. Mwezi womwewo sukulu zimatsekera kaholide kapakati pa temu, kunja kukuzizira ndi kuwaza mvula. Mwana ukapanda kumupatsa chogwira ndi manja, tsiku lonse limathera pa foni.

Chimene timapanga kwambiri ndi mapande ouma ozungulira, otunga pa chingwe. Tsukani maapozi bwinobwino, makamaka otola pansi, chifukwa m'yadi usiku mumadutsa amphaka ndi nkhandwe. Musasende, khungu ndilo limakongoletsa m'mphepete likauma. Dulani mopingasa, osati kuchokera pamwamba kutsikira pansi, mapande okhuthala ngati theka la sentimita, ndipo yesetsani kuti afanane kuti aumire limodzi. Pamene padutsa mphutsi mumangocheka n'kutaya. Apozi likangodulidwa limayamba kuda, chifukwa madzi ake akakumana ndi mpweya amasintha mtundu, ndipo asidi wa mandimu amachedwetsa zimenezo. Finyirani mandimu awiri m'lita imodzi ya madzi, viikani mapandewo kwa mphindi 10, kenako muwayale pa nsalu yoyera n'kuwapukuta mbali zonse ziwiri. Wofuna fungo labwino m'nyumba awaze sinamoni pang'ono.

Vuto lenileni lili pa kuumitsa, ndipo ndi pamene ambiri ochokera kwathu amagwa ulesi. Mfutso kwathu timangoyanika pa mphasa mu Meyi kapena Juni, dzuwa n'kumaliza ntchito yonse. Kuno dzuwa la Okutobala lilibe mphamvu, mpweya ndi wachinyontho, ndipo pafupifupi magawo 85 mwa magawo 100 a apozi ndi madzi. Mukangoyala pawindo n'kudikira, pakapita masiku ochepa mupeza timadontho tachuku tobiriwira, ntchito yonse n'kuwonongeka. Njira yachangu ndi uvuni. Ikani moto wochepetsetsa, madigiri 60 mpaka 70, yalani mapande pa waya wa uvuniwo osakhudzana, ndipo chitseko muchitchinge ndi mthiko kuti chitseguke pang'ono, nthunzi izituluka. Zimatenga maola 6 mpaka 8, mukutembenuza kamodzikamodzi. Mukakweza moto pofuna kufulumira, amapsa kunja mkati muli mwauwisi.

Koma bilu ya magetsi tonse tikuidziwa, ndiye ine ndimatsata njira ya agogo aja. Mumaboola pakati pa pande lililonse, n'kutunga pa kansungwi koyera, kotere amamangirira nyemba m'dimba, kusiya mpata wa chala pakati pa pande ndi pande. Kansungwiko mumakatsamiritsa pa mipando iwiri pamwamba pa radiator, hita yachitsulo yotenthetsa m'nyumba, osati kukhudza chitsulocho, kapena m'kabati ya thanki ya madzi otentha ngati nyumba yanu ili nayo. Poti hita imayaka kale chifukwa cha kuzizira, simulipira kanthu kapadera. Pamapita masiku anayi kapena asanu. Mukaphika china mu uvuni n'kuthimitsa, lowetsaninso mapandewo adye kutentha kotsalako. Poyesa ngati auma, ng'ambani limodzi pakati n'kufinya. Likatulutsa kamadzi, silinafike. Odya amakhala opindika ngati chikopa, pomwe okongoletsera ndi bwino aume mpaka kutsala pang'ono kuthyoka. Odya ndi okongoletsera muwasiyanitse pomwepo, odyawo alowe m'botolo louma lotsekeka bwino, mwana asadzatafune pande lopaka vanishi.

Kutunga ndiye gawo la ana. Timagwiritsa ntchito chingwe cha gunda ndi singano yaikulu yosasongoka ya pulasitiki. Pakati pa mapande timaika timitengo ta sinamoni, mapande ouma a malalanje, ndi tizidutswa ta chitenje tomanga mfundo. Zidutswazo ndimasunga m'thumba nthawi iliyonse ndikasoketsa chovala, ndipo mtundu wa chitenje umawala bwino pambali pa apozi louma lofiirira. Chingwe chotere chimapachikika pawindo la chipinda chochezera kapena pa mtengo wa Khirisimasi. Kukhitchini ndi kubafa ayi, nthunzi imafewetsanso mapande. Mukatunga pa waya wa hang'ala wopinda mozungulira, mapande atathinana, imatuluka nkhata ya pachitseko. Kwathu nkhata timaika pamanda, ndiye ena samasuka nayo, koma kuno nkhata ya pachitseko ndi yolandirira alendo nyengo ya Khirisimasi. Muipachike mkati mwa nyumba, kunja mvula iiwononga sabata yomweyo.

Kwa ana aang'ono amene sangadikire masiku asanu, chabwino ndi zidindo. Apozi mukalidula kuchokera pamwamba kutsikira pansi, limadinda chithunzi cha apozi lenileni. Mukalidula mopingasa, pakati pamaoneka nyenyezi ya nsonga zisanu, timapanga momwe mumakhala njere. Mwana wanga wamng'ono ataiona koyamba anatenga theka lija n'kuliyandikiza kumaso, akuwerenga nsongazo ndi chala. "Amayi, mwaikamo ndinu?" Anandidulitsa ena angapo kuti atsimikize kuti muli monse.

Chidindo kuti chituluke bwino, dulani ndi mpeni waukulu kamodzi n'kamodzi kuti nkhope yake ikhale yosalala. Livundikireni pa nsalu kwa kanthawi kuti madzi achoke, apo ayi penti imasungunuka n'kuyenderera. Bayani foloko kumsana kwake ikhale chogwirira, chifukwa timanja ta ana timaterereka. Penti muzipaka ndi burashi pang'onopang'ono m'malo moviika m'mbale. Ikachuluka, nyenyezi ija imatsekeka, n'kutsala chibanga chabe. Dindani kaye pa nyuzipepala kamodzi, kenako pomwe mukufuna, ndipo mwana akanikize osagwedeza. Pa mapepala abulauni amene amabwera m'makatoni a katundu woitanitsa, penti wamba ya ana imakwanira, ndipo mumapeza zokulungira mphatso popanda kugula. Pa nsalu pamafunika penti ya nsalu. Chapani kaye nsaluyo ngati ndi yatsopano, ikani katoni mkati mwa chikwama kuti penti isadutse mbali inayo, ndipo ikauma musite ndi simbi motsatira zomwe zalembedwa pa botolo, kuti isamachoke pochapa. Zikwama zoyera zogulira zinthu ndi nsalu zopukutira mbale ndi zomwe zimatuluka bwino. Ena mwa okalamba amene ndimawasamalira, ngakhale amene zala zinalimba ndi nyamakazi, amakwanitsa kudinda ndi foloko ija, ndipo fungo la apozi lodula limawayambitsa nkhani za mitengo ya kwawo ali ana. Amene mumagwira ntchito ngati yangayi, pemphani kaye chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo, ndipo muonetsetse kuti wina asaike chidindocho mkamwa.

Ntchito imene imandisangalatsa kwambiri ndi zidole za mutu wa apozi. Luso limeneli ndi lakale, lodziwika kwambiri kumapiri a Appalachia ku America. Sankhani apozi lalikulu lolimba, ndipo apa Bramley ndi wabwino zedi. Lisendeni lonse, n'kusema nkhope ndi kampeni kakang'ono: maenje awiri a maso, mphuno yotumphuka, mzere wa pakamwa. Chilichonse chikhale chachikulu mopitirira, makamaka mphuno, chifukwa mutuwo umafota kuposa theka, ndipo zosema zazing'ono zimasowa. Viikani m'madzi a mandimu othira mchere wambiri kwa theka la ola. Mcherewo umakoka madzi ndi kuletsa kuwola. Kenako pisani waya pakati, pindani pansi, n'kupachika pamalo otentha ouma pomwe mpweya ukuyenda mbali zonse. Mpeni agwire wamkulu, ana azingojambula nkhope ndi pensulo poti pasemedwe.

Zimatenga masabata atatu kapena kuposerapo, ndipo kukoma kwake kuli pa kuyang'ana tsiku ndi tsiku. Sabata yoyamba nkhope imangofiirira. Kenako masaya amayamba kulowa mkati, pamphumi pamabwera makwinya amene simunaseme, pakamwa pamapindika mbali imodzi, chibwano chimatuluka. Likadali lofewa mutha kutsina mphuno kapena kukankha tsaya kuti likhale momwe mukufunira. Palibe ziwiri zimene zimafanana. Zikauma gwa, timaika timikanda takuda m'maso, ubweya wa thonje kumutu, thupi la waya kapena la botolo laling'ono, kenako duku ndi kachitenje m'chiuno. Zimatuluka nkhalamba zaulemu zedi, zina zomwetulira, zina ngati zikumvetsera mlandu pabwalo.

Pali chimodzi choti ndinene poyera. Nyengoyi ndi ya Halloween, chikondwerero chovala ndi kukongoletsa zinthu zoopsa pa 31 Okutobala, ndipo anthu ena kuno amasema mitu yomweyi kuti ikhale yoopsa. M'nyumba mwathu zoopsazo sitipanga. Komanso munthu wa kwathu akalowa m'nyumba n'kuona timitu tofota tikulendewera pa waya, maganizo ake amapita kutali. Azakhali anga atationa pa vidiyo anangoti chete, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi zimenezo n'zachiyani, mwana wa achimwene?" Ndinawafotokozera, ndipo ataona chidole chovala duku anaseka n'kupempha kuti ndidzawatengere. Ndiye poumitsa muzipachika kobisika, ndipo mlendo akaziona mufotokozereni msanga asananyamule nkhani yolakwika.

Zoikamo makandulo n'zosavuta. Tengani apozi lokhazikika bwino patebulo, jambulani mzere mozungulira kakandulo kakang'ono ka m'chitini, kumbani ndi supuni, pakani ndimu, lowetsani kandulo. Ndi za madzulo amodzi basi, mawa lake zimafota. Muziike m'mbale, kutali ndi makatani, ndipo musatuluke m'chipinda zikuyaka. Pomwe pali ana aang'ono, timakandulo ta mabatire ndi tabwino kuposa moto weniweni.

Makoko ndi mitima yotsala pa ntchito zonsezi, bola ikhale yosawola ndi yopanda penti, timapangira viniga wotsukira m'nyumba. Timadzaza botolo lalikulu mpaka theka ndi zotsalazo, kuthira madzi osungunuliramo shuga pang'ono mpaka zonse zimire, n'kuvundikira ndi kansalu komanga ndi labala kuti mpweya uzilowa koma tintchentche ayi. Muzitakasa tsiku lililonse. Pakatha masabata awiri mumasefa, n'kusiya madziwo masabata ena anayi kapena kuposa, mpaka fungo la mowa litasanduka lowawasa. Pamwamba pakamera chuku chaubweya, tayani zonse. Viniga wotereyu mphamvu yake siidziwika, choncho musasungire zakudya monga achali. Ndi wopukutira magalasi ndi sinki. Ndipo poti maapozi amatulutsa mpweya wa ethylene umene umapsetsa zipatso zina, mapeyala olimba aja timagula m'masitolo kuno mukawaika m'pepala limodzi ndi apozi, amafewa msanga.

Mbalame nazo zimalandira gawo lawo. Katoni imodzi ya maapozi osaoneka bwino ndimaisungira Disembala ndi Januwale, pamene nthaka yauma ndi chisanu ndipo nyongolotsi sizikupezeka. Timadula pakati, ana n'kubayamo njere za mpendadzuwa, kenako timasomeka pa nthambi kapena kuika pakapinga. Mbalame zakuda za milomo yachikasu, zotchedwa blackbird, zimafika msanga, ndipo kukazizira kwambiri kumabweranso za fieldfare ndi redwing, zimene zimathawa chisanu cha ku Scandinavia. Muziika ochepa oti athe tsiku lomwelo. Ogona pansi usiku amaitana makoswe, ndipo m'nyumba zogundizana ngati zathuzi nkhani ya makoswe imadanitsa ndi anansi.

Amene mulibe mtengo, musaiwale tsiku la 21 Okutobala. Ndi Apple Day, tsiku la maapozi, limene bungwe la Common Ground linayambitsa mu 1990 ku Covent Garden mumzinda wa London, ndipo masiku ano minda ya zipatso ndi magulu a m'madera ambiri amachita zochitika zawo chakumapeto kwa sabata zoyandikira tsikulo. Malo ena amalola kubweretsa maapozi anu kuti akufinyireni madzi pa makina, ena amakhala ndi akatswiri okuuzani mtundu wa mtengo wanu mukawatengera zipatso zingapo ndi masamba. Okhala cha ku Kent ali pafupi ndi Brogdale, ku Faversham, kumene amasunga mitundu ya maapozi yoposa 2,000.

Abale athu a ku Western Cape ku South Africa, madera a Ceres, Elgin ndi Grabouw, nyengo yanu yotchola imayambira chakumayambiriro kwa chaka mpaka cha mu Meyi, ndipo mu Febuluwale ndi Malichi dzuwa lanu ndi lokwanira kuumitsa popanda uvuni. Yalani mapande pa sefa kapena pa waya wokwezeka kuti mpweya uzidutsa pansi, phimbani ndi kaneti koletsa ntchentche, ndipo madzulo muzilowetsa m'nyumba mame asanagwe. Amene mumagwira ntchito m'mafamu, funsani kaye akapitawo musanatole ngakhale ogwa pansi, chifukwa mafamu ambiri amagulitsa amenewonso kumakampani opanga juwisi.